Mlonda Akaukira Mwini Nyumba: Za Kupima Mwazi Kochedwa ANA

M'makomboni a ku migodi ndi m'matauni muli akazi ena amene nkhope zao zadziwika kale pa khomo la cipatala cifukwa ca kubwerabwera. Nkhani ya mkazi wotere kawirikawiri iyenda motere. Mai wa zaka zosafika 30, wa ana awiri, ayamba kumva kuwawa m'mfundo za zala ndi m'maondo. Thupi litentha madzulo, ndipo m'mawa adzuka wolema monga munthu amene wacezera kusenza katundu. Ku cipatala ampima malungo osawapeza, komabe alandira mankhwala a malungo, popeza m'dziko la udzudzu kutentha thupi kulikonse kuganiziridwa malungo poyamba. Patapita milungu itatu abweranso. Tsopano tsitsi lithothoka, m'kamwa muli zilonda, ndipo tsiku limene wacapa zobvala padzuwa masaya ace atuluka zidzolo. Anansi anong'onezana za kacirombo ka HIV; ampima, kacirombo palibe. Ena aganizira cifuwa cacikulu. Apongozi ace anena kuti pali munthu amene wamlodza, ndipo malipiro a mwamuna wace a mwezi wathunthu athera kwa ang'anga. Pamene zonsezi ziri kucitika, mapazi ayamba kutupa ndi mkodzo ucita thobvu, ndiko kunena kuti impso zayamba kuonongeka mwakacetecete.

Pali kupima kwina kwa mwazi kumene kukadatha kumlozera dotolo njira miyezi yambiri m'mbuyomo. Dzina lace ndi ANA. Koma kupima komweko kwaopsanso anthu ambiri a moyo wangwiro, amene anaona mau akuti "positive" pa pepala la cipatala nayesa kuti imfa yawafikira. Cifukwa cace nkwabwino kuti omvera adziwe cimene kupimaku kunena, ndiponso cimene sikunena.

ALONDA A M'THUPI

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tochedwa maselo. Pakati pa selo pali kanthongo konga njere ya m'cipatso, kamene anzeru akacha nucleus. M'kanthongomo musungidwa DNA, ndiyo malangizo a cibadwa amene mwana alandira kwa atate ndi amace.

Thupi liri nao alonda ace. Kacirombo ka nthenda kakalowa, maselo oyera a m'mwazi apanga zida zochedwa antibody. Antibody ali yense akwanira mdani mmodzi yekha, monga kiyi akwanira loko wace, ndipo akamgwira mdaniyo aitana alonda ena kudzamuononga. Ndico cifukwa cace munthu amene anadwalapo cikuku sadwalanso, ndipo katemera agwira nchito m'njira yomweyo.

Ca m'ma 1900 katswiri wa ku Germany, Paul Ehrlich, anaphunzitsa kuti thupi liri ndi njira zoletsa alonda ace kuti asaukire mwini wao. Kwa anthu ambiri zimenezi nzoona. Koma pambuyo pace kunaoneka kuti mwa anthu ena coletsaco cilephera, ndipo alonda ayamba kumenya khungu, mfundo, impso ndi ziwalo zina za thupi lomwe anayenera kulisunga. Matenda otere achedwa autoimmune. Mwa ena a matendawa zida za alonda zilunjika pa kanthongo ka m'selo kaja. Zida zimenezo ndizo antinuclear antibodies, ndipo malemba atatu a ANA acokera pa mau amenewa.

Nyumba ya mitengo iima cifukwa ca luzi limene limanga mtengo ndi unzace. Momwemonso m'thupi muli nyama yolumikiza, imene igwirizanitsa khungu, mitsempha ya mwazi, mfundo ndi ziwalo za m'kati. M'caka ca 1942 Paul Klemperer ndi anzace a ku New York anaona kuti pali matenda angapo amene onse aononga nyama yolumikizayi, nawaika m'gulu limodzi. Popeza luzi limeneli liri ponseponse m'thupi, nthenda yace itha kuonekera pali ponse, ndipo ndico cimene cisokoneza odwala ndi madotolo omwe.

MATENDA A M'GULU LIMENELI

Nthenda yodziwika koposa ndiyo lupus. M'Cilatini mauwa atanthauza mmbulu, pakuti asing'anga akale anafanizira zilonda za pankhope ndi kuluma kwa cirombo cimeneco. M'caka ca 1872 Moriz Kaposi wa ku Vienna anaonetsa kuti nthendayi siikhala pakhungu pokha, koma ilowanso m'kati mwa thupi. Mwa odwala khumi, asanu ndi anai ndi akazi, makamaka a msinkhu wobala, ndipo kumene anthu anawerengedwa bwino, monga ku America ndi ku Britain, kwapezeka kuti igwira anthu akuda kawirikawiri koposa azungu, ndiponso iwapweteka impso koposa. Zidzolo zace ziyala pa masaya onse awiri ndi pamphuno monga mapiko a gulugufe. Pa khungu lakuda sizioneka zofiira kwenikweni, koma zoderako. Ndipo mtundu wina usiya zipsera zoyera pakati ndi zakuda m'mphepete, zimene anthu aziyesa cipere kapena khate.

Yaciwiri ndiyo scleroderma, imene iumitsa khungu la zala ndi la nkhope kufikira munthu alephera kufumbata dzanja kapena kuyasama bwino. Ithanso kuumitsa mapapo ndi kum'mero. Yacitatu inachedwa dzina la Henrik Sjögren, dotolo wa maso wa ku Sweden amene anailongosola mu 1933. Iyo iumitsa misozi ndi malobvu, kotero kuti wodwala amva ngati muli mcenga m'maso ndipo sameza cakudya couma popanda madzi. Palinso myositis, yofoketsa minofu ya m'ncafu ndi ya m'mapewa, kufikira munthu abvutika kunyamuka pampando kapena kupesa tsitsi. Ndipo mu 1972 Gordon Sharp analongosola odwala amene zizindikiro zao zisakaniza matenda angapo a m'gululi.

Palibe imodzi mwa nthendazi imene ipatsirana. Siicokera m'cakudya, m'mphasa kapena m'kukhalira pamodzi kwa mwamuna ndi mkazi wace, ndipo siitumizidwa ndi munthu.

MMENE KUPIMAKU KUNAPEZEKERA

Kufikira zaka za nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, dotolo analibe cina comthandiza kuzindikira lupus koma maso ace ndi manja ace. M'caka ca 1948 Malcolm Hargraves ndi anzace a pa Mayo Clinic, ku Minnesota, poyang'ana mafuta a m'kati mwa mafupa a odwala, anaona cinthu cacilendo: selo loyera la m'mwazi litameza kanthongo ka selo linzace. Analicha selo la LE. Posacedwa John Haserick wa ku Cleveland anaonetsa kuti cocititsa ciri m'madzi a mwazi wa wodwala, pakuti madziwo akasakanizidwa ndi maselo a munthu wangwiro, maselo a LE aonekanso. Cinthuco cinali antibody. Kwa zaka zambiri kufunafuna selo la LE ndiko kunali kupima kwa lupus, koma kunali kocedwa ndi kotopetsa maso, ndipo odwala ambiri kunawaphonya.

Njira yabwino inacokera kwina. Mu 1941 Albert Coons wa ku Harvard anapeza nzeru yomangirira utoto wowala pa antibody, kuti pali ponse pamene wakakamira paoneke ndi maikulosikopu. Ca m'ma 1957 George Friou anatenga nzeruyo naigwiritsa nchito pa mwazi wa odwala lupus. Poyamba anthu a m'labotale anali kupimira pa tizidutswa ta ciwindi kapena impso za makoswe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 anatembenukira ku maselo a munthu oleredwa m'labotale, ochedwa HEp-2, cifukwa tinthongo tao ntatikulu ndipo tioneka bwino. Selo la LE silifunidwanso masiku ano.

MMENE APIMIRA

Wodwala safunika kusala cakudya. Namwino atenga mwazi pamkono, wokwanira ngati supuni yaing'ono. Mwaziwo ukaundana, pamwamba patsala madzi acikasu, ndipo m'madzimo ndimo muli ma-antibody. Wa m'labotale awasukulutsa ndi madzi a mcere nawadonthezera pa kagalasi pamene anamatapo kale maselo a HEp-2. Alindira ngati theka la ora. Ngati m'mwazimo muli ANA, akakamira pa tinthongo ta maselowo. Kenaka atsuka kagalasi kuti zonse zosakakamira zicoke.

Kufikira pamenepa palibe cooneka. Tsono athirapo antibody waciwiri, wotengedwa m'mwazi wa nyama monga mbuzi kapena kalulu, amene nchito yace ndiyo kugwira antibody wa munthu, ndipo ameneyu asenza utoto wowala uja. Atatsukanso, alowa m'cipinda ca mdima nayang'ana ndi maikulosikopu ya nyali yapadera. Ngati ANA palibe, aona mdima wokha. Ngati alipo, tinthongo tiwala mobiriwira monga ziphaniphani za m'dambo usiku.

Malabotale ena masiku ano apima ndi makina, m'malo mwa diso la munthu. Makina afulumira ndipo apima anthu ambiri pa tsiku, koma afunafuna mitundu yowerengeka yokha ya ANA, motero nthawi zina aphonya imene kagalasi kakadaionetsa.

TANTHAUZO LA MANAMBALA

Pa pepala lobwera ku labotale palembedwa manambala monga 1:40, 1:80, 1:160, 1:320 kapena 1:1280. Munthu akadonthezera inki m'kapu ya madzi, natapa theka la madziwo kusakaniza ndi madzi ena oyera, nacita comweco kawiri, katatu, kanai, idzafika nthawi imene mtundu wa inki sudzaonekanso. Inki yamphamvu ipirira kusukulutsa kwambiri. Momwemo 1:40 atanthauza kuti kuwala kunaoneka pamene gawo limodzi la madzi a mwazi linali m'magawo 40, koma kunazima posukulutsanso; ndipo 1:1280 atanthauza kuti kunali kuonekabe ngakhale m'magawo 1,280. Nambala yaciwiri ikakula, ndiye kuti ANA ngoculuka.

Apa ndipo pagona nkhani. Mu 1997 Eng Tan ndi anzace anafalitsa zimene anapeza atapima mwazi wa anthu angwiro m'malabotale a m'maiko osiyanasiyana. Mwa anthu 100 osadwala konse, pafupifupi 32 anaonetsa ANA pa 1:40, 13 pa 1:80, asanu pa 1:160, ndi atatu pa 1:320. Tsono lupus ndi nthenda yosowa. Igwira munthu mmodzi kapena awiri mwa 1,000, ndipo m'maiko ena ocepera pamenepo. Kukadakhala kuti anthu 1,000 a m'komboni imodzi apimidwa onse popanda cifukwa, oposa 100 akadalandira pepala lonena kuti ANA alipo pa 1:80, koma odwala lupus enieni akadakhala mmodzi kapena awiri. Otsalawo akadangosenza mantha acabe, ndi kutaya ndalama pa kupima kwina kosafunika.

Mbali inayo ya nkhani nayo njoona. Mwa odwala lupus 100, oposa 95 ali naye ANA. Motero pepala likanena kuti ANA palibe, dotolo adziwa kuti lupus njokaikitsa ndithu, ndipo ayamba kufunafuna nthenda yina. Mu 2019 mabungwe akulu a madotolo a nyamakazi a ku Ulaya ndi ku America anagwirizana kuti pa nchito ya kafukufuku munthu asawerengedwe wodwala lupus ngati sanaonetsepo ANA wofika 1:80. Koma anatinso pamwamba pa ANA payenera kukhala zizindikiro zina zokwanira. Kupimaku kuli ndi mphamvu potseka khomo, koma pakokha sikutsimikiza nthenda. Akulu anati cala cimodzi siciswa nsabwe.

MAONEKEDWE A KUWALA NDI KUPIMA KWACIWIRI

Wa m'labotale alembanso mmene kuwalako kwaonekera. Nthawi zina kanthongo konse kawala mofanana. Nthawi zina kacita mawangamawanga ngati nkhanga. Nthawi zina muoneka timadontho towerengeka. Maonekedwewa amlozera dotolo kupima kwaciwiri, kumene kufunsa kuti, kodi alondawa alimbana ndi ciani ceniceni m'kanthongomo?

Antibody wolimbana ndi DNA yeniyeni, wochedwa anti-dsDNA, anapezeka mu 1957, ndipo aloza lupus mwamphamvu. Iye akwera nthenda ikakula, makamaka ikagwira impso, natsika ikagona. Njira imodzi yomfunira, imene inayamba mu 1975, igwiritsa nchito kacirombo kochedwa Crithidia luciliae, kokhala m'matumbo a nchenche, kamene kali pa cibale ndi kacirombo ka kaodzera kofalitsidwa ndi kashembe. Kacirombo kameneka kali ndi kathumba kodzaza DNA, ndipo kathumbako kakawala, yankho lapezeka. Wina ndi anti-Sm, amene Eng Tan ndi Henry Kunkel anampeza mu 1966. Ameneyu apezeka mwa odwala ena okha, koma akapezeka, kawirikawiri ndi lupus ndithu.

Anti-centromere aloza scleroderma yoyenda pang'onopang'ono, ya m'zala ndi kunkhope, pamene anti-Scl-70 acenjeza za mtundu umene uumitsa mapapo. Anti-Jo-1 ayenda ndi nthenda ya minofu ndi mapapo. Anti-RNP woculuka apezeka m'nthenda yosakaniza ija ya Sharp. Anti-Ro ndi anti-La apezeka m'nthenda ya Sjögren ndi mu lupus momwe, ndipo anti-Ro ali ndi kanthu kwa mai wapakati: atha kuoloka kunka kwa mwana m'mimba, ndipo mwa ana 100 a amai otere mmodzi kapena awiri abadwa ndi mtima wogunda mocedwa. Mai akadziwika msanga, madotolo ayang'anira mtima wa mwanayo m'miyezi ya pakati.

Pali mtundu winanso, wochedwa anti-DFS70, umene ukapezeka wokha upezeka makamaka mwa anthu angwiro. Apo kupima kwaciwiri kubweretsa mtendere m'malo mwa mantha.

ZINA ZIMENE ZIUTSA ANA

ANA aculuka ndi ukalamba, ndipo apezeka mwa akazi koposa amuna. Abale a wodwala lupus kawirikawiri ali naye, koma ambiri a iwo sadwala moyo wao wonse. Matenda a cithokomiro, matenda ena a ciwindi ndi khansa zina zimuutsanso.

Cofunika koposa m'maiko otentha ndi ici: matenda a tizirombo okhalitsa m'thupi, monga malungo obwerezabwereza, cifuwa cacikulu ndi HIV, atha kuonetsa ANA mwa munthu wopanda lupus. Ndipo matenda omwewo afanana ndi lupus m'zizindikiro, monga kutentha thupi, kuonda, kucepa mwazi ndi kutupa kwa anabere. Dotolo wanzeru ayamba wapima zimenezi, pakuti mankhwala a lupus afoketsa alonda a m'thupi, ndipo kuwapereka kwa munthu wa cifuwa cacikulu cosacizidwa ndiko kuthira parafini pamoto.

Mankhwala enanso autsa ANA, monga hydralazine wa kuthamanga kwa mwazi, procainamide wa mtima, ndi isoniazid wa cifuwa cacikulu. Owerengeka mwa akumwa mankhwalawa adwala nthenda yofanana ndi lupus, imene itha mankhwalawo akasinthidwa. Koma kusintha ndi nchito ya dotolo. Munthu wa cifuwa cacikulu asaleke yekha mankhwala ace cifukwa ca pepala la ANA.

Mu 1968 Brian Greenwood, amene anagwira nchito ku Ibadan m'dziko la Nigeria, analemba kuti matenda a autoimmune anali osowa m'cipatala ca kumeneko, naganiza kuti kapena malungo aletsa matendawa. Kwa nthawi yaitali madotolo ambiri anakhulupirira kuti lupus mulibe mu Africa. Koma pamene malabotale ndi akatswiri a nyamakazi anayamba kuculuka, odwala anayambanso kupezeka, ndipo ambiri a iwo afika ku cipatala impso zitaonongeka kale. Nthenda imene munthu saiganizira, saipeza.

MAU KWA AMUNA A M'MIGODI

Ngakhale matendawa agwira akazi koposa, pali khomo limodzi limene alowera kwa amuna, ndilo fumbi la mwala. Mu 1953 Anthony Caplan wa ku Cardiff anaona kuti okumba malasha a ku Wales odwala nyamakazi ya m'mfundo anali ndi zotupa za mtundu wao wao m'mapapo. Mu 1957 dotolo wa ku South Africa, L. D. Erasmus, analemba za amuna 17 okumba golidi ku Witwatersrand, ku Joni kumene amuna ambiri a ku Malawi ndi a ku Zambia anapita kukagwira nchito m'zaka zija. Onsewo anadwala scleroderma, nthenda yosowa kwambiri mwa amuna, ndipo kufikira lero scleroderma yodza pambuyo pa fumbi la mwala ichedwa dzina la Erasmus.

Fumbi limeneli ndi silica, lomwe lija licititsa silicosis, ndipo liri m'miyala ya migodi ya mkuwa momwe. Tizidutswa tace tikalowa m'mapapo, maselo oyeretsa atimeza, koma mwala sugayika. Maselowo afa, nataya za m'kati mwao, ndipo ena adza kudzameza mwala womwewo nafanso. Anzeru aganiza kuti kufa kosatha kwa maseloku kuika za m'tinthongo pamaso pa alonda kwa zaka zambiri, kufikira alonda aziyesa mdani. Cimene cidziwika ndithu nkuti anthu opuma fumbili aonetsa ANA kawirikawiri koposa anzao, ndipo scleroderma, lupus ndi nyamakazi ya m'mfundo ziwagwira koposa. Motero kuboola mwala ndi madzi, mphepo yabwino pansi pa mgodi, cophimba pamphuno ndi kupimitsa mapapo pa nthawi yace, monga acitira ku Kitwe pa Occupational Health and Safety Institute, zichinjiriza zambiri koposa mapapo okha.

Pali cizindikiro cimodzi coyenera kucidziwa. M'miyezi yozizira ya June ndi July zala za anthu ena ziyera mbuu, kenaka zida, kenaka zifiira ndi kuwawa pamene mwazi ubwerera. Maurice Raynaud wa ku France anacilongosola mu 1862. Kwa atsikana ambiri ici ncibadwa cabe. Kwa mwamuna wogwira makina oboolera mwala citha kucokera ku kunjenjemera kwa makinawo. Koma nthawi zina ndico ciyambi ca scleroderma, makamaka ngati zala zatupa, khungu lace lauma, kapena kunsonga kwace kwatuluka tizilonda. Apa ndipo ANA athandiza kulekanitsa. Mwamuna wotere amuuze dotolo zaka zimene anagwira pansi, ngakhale analeka nchito kalekale.

CIFUKWA CA KUDZIWA MSANGA

Mu 1955 madotolo a ku Baltimore anawerenga kuti theka lokha la odwala lupus linali ndi moyo patapita zaka zinai cidziwikire nthenda yao. Lero, kumene mankhwala ndi cisamaliro zipezeka, oposa 90 mwa 100 akhala ndi moyo kupitirira zaka khumi, ndipo ambiri agwira nchito ndi kulera ana ao. Nthendayi siicizika kotheratu, koma igonekedwa.

Mankhwala a maziko ndiwo hydroxychloroquine, mbale wace wa chloroquine amene kale anali kucizira malungo. Acepetsa kubuka kwa nthenda ndi kuchinjiriza impso, koma wakumwa ayenera kupimitsa maso nthawi ndi nthawi. Prednisolone, wa m'banja la cortisone amene Philip Hench anaonetsa mphamvu yace pa nyamakazi mu 1949, azima moto msanga. Koma akaculuka anenepetsa, akweza shuga ndi kufoketsa mafupa, ndipo wakumwa nthawi yaitali saleka mwadzidzidzi. Impso zikagwidwa pafunika ena amphamvu, monga mycophenolate kapena cyclophosphamide. Awiriwa apweteka mwana m'mimba, motero mai wofuna kutenga pakati apangane ndi dotolo, alindire kufikira nthenda yagona miyezi isanu ndi umodzi.

Palinso kanthu kamene kasokoneza maukwati. Odwala lupus ena ali ndi ma-antibody a mtundu wina, ochedwa antiphospholipid, amene aundanitsa mwazi m'mitsempha ndi kucititsa kupita padera kobwerezabwereza. Omwewa anamiza kupima kwina kwa cindoko, kochedwa RPR kapena VDRL, kotero kuti mkazi wosalakwa konse auzidwa ku sikelo kuti ali ndi cindoko. Kupima kwaciwiri kwa cindoko kutsutsa bodzalo, ndipo mwamuna asafulumire kuweruza.

ANA akapezeka kamodzi, kumpimanso kawirikawiri kulibe phindu, pakuti nambala yace siitsata kukula kwa nthenda. Zimene dotolo atsata ndizo anti-dsDNA, zinthu za m'mwazi zochedwa C3 ndi C4 zimene zitsika nthenda ikabuka, kuwerenga maselo a mwazi, kuthamanga kwa mwazi, ndi mkodzo. Kupima mkodzo ndi kapepala koviika nkochipa, kucitika ngakhale pa cipatala cacing'ono, ndipo ndiko kuulula bvuto la impso munthu asanayambe kutupa.

Nanga munthu wangwiro amene ANA wapezeka mwa iye atani? Mu 2003 anzeru a ku America anapima mwazi wakale wosungidwa wa asilikari 130 amene pambuyo pace anadwala lupus, napeza kuti ambiri a iwo anali ndi ma-antibody zaka zingapo nthenda isanaoneke. Izi zionetsa kuti ANA atha kutsogola. Koma ambiri a anthu okhala naye sadzadwala konse. Munthu wotere safunika mankhwala. Angodziwa zizindikiro, ndi kubwerera ku cipatala zikaoneka: mfundo zotupa ndi zouma m'mawa kwa milungu yambiri, zidzolo zobuka ndi dzuwa, zilonda za m'kamwa zobwerabwera, tsitsi lothothoka, kuwawa m'nthiti popuma, kutentha thupi kosadziwika cifukwa cace, kutupa mapazi kapena nkhope, ndi mkodzo wa thobvu.

Mai wa m'komboni uja anafika ku cipatala kasanu, ndipo ulendo uli wonse ananena cinthu cimodzi cokha cimene cinamuwawa tsiku limenelo. Cikadamthandiza ndico kunena zonse pamodzi, kuyambira pa ciyambi, ndi kusunga bwino buku lace la cipatala kuti woona lero adziwe zimene anaona mnzace mwezi wathawu. Zizindikiro zitatu kapena zinai zikaikidwa pamodzi, dotolo aganizira lupus, apima mkodzo tsiku lomwelo, natumiza wodwala kapena mwazi wace ku cipatala cacikulu kumene ANA apimidwa. Yankho licedwa masiku kapena milungu, ndipo kuona maso a nkhono nkudekha. Koma masiku amenewo ngocepa poyerekeza ndi miyezi yotayika kwa ang'anga. Mwamuna wace ali nayo mbali yace: amperekeze, amve yekha mau a dotolo, ndipo akafika kunyumba awafotokozere apongozi ndi abale kuti palibe munthu amene walodza mkazi wace.